Utsi Wosadziwa Malire

M'caka ca 1861 Dr. David Livingstone ndi anzace anayenda pa nyanja yathu ndi ngalawa yaing'ono, kucokera kumwera kulinga kumpoto, nayandikira madera ano a Atonga. Tsiku lina anaona patsogolo pao mitambo yakuda yoimirira pamadzi, ndipo anayesa kuti ndi utsi wa thengo lirikupsya kutsidya, ndi kuti nyanja yafika pothera. M'mawa mwace analowa m'kati mwa mtambo umodzi, napeza kuti si utsi iai, koma nkhungu, tizilombo tija touluka timene amai a m'mbali mwa nyanja akola ndi madengu naumba ndiwo. Ananyengedwa, koma sitiwaseka; pakuti munthu ali yense wa dziko lino, poona cakuda m'mlengalenga m'miyezi ya September ndi October, ayamba waganiza za moto. Tsono mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya utsi weni-weni: kumene ucokera, njira zimene uyenda, ndi zimene usiya pamene wagwa. Ndi mbiri imene anthu a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya anailowa kale, angakhale ambiri sadziwa kuti ali m'menemo.

Munthu woyamba kuucha dzina mlandu uwu anali mnansi wa Livingstone. Robert Angus Smith anabadwa pafupi ndi Glasgow m'caka ca 1817, patapita zaka 4 cibadwire Livingstone m'dera lomwelo. Iye anakhala ku Manchester, mudzi wa mafakitale otentha malasha usana ndi usiku, ndipo m'caka ca 1852 anayamba kulemba za madzi a mvula imene anachera m'mudzimo ndi kumiraga yozungulira. Anapeza kuti mvula ya pakati pa mudzi iri ndi asidi, wakudya miyala ya nyumba ndi zitsulo, ndi kuti ukali wace ucepa pamene munthu atalikira mafakitale. M'buku lace la 1872 anaicha mvula ya asidi. Caka cimeneco Livingstone anali cikhalire ndi moyo, ndipo sitima ya Ilala inali isanalowe m'nyanja yathu, pakuti inalowa m'caka ca 1875.

Macitidwe ace a mvulayi sabvuta kuwamva. M'malasha muli sulfure, ndimonso m'miyala imene aturutsamo mkuwa. Pakutentha zimenezi sulfure asanduka mpweya wotsamwitsa, umene ukwera pamodzi ndi utsi; ndipo kumwambako ukomana ndi cinyezi ca mitambo nusanduka asidi, mtundu womwewo uli m'batire ya galimoto, koma wosungunuka m'madzi ambiri. Anzeru ali nao muyeso wochedwa pH, umene 7 ndiye pakati: kutsika pansi pa 7 ndiko kuwawasa, kukwera pamwamba ndiko kukhala ngati cidulo ca amai. Mvula yabwino ikhala pa 5.6, ndipo ya m'maiko a mafakitale inatsika kufikira 4 ndi pang'ono. Mvula yotere siocha khungu la munthu, ndipo cifukwa cace anthu anacedwa kuiopa. Nchito yace icita mwakacetecete, caka ndi caka: itsuka m'nthaka zakudya za mbeu, imasula aluminiyamu amene anali womangika m'dothi, ndipo iye atsikira m'mitsinje natseka ziwalo zimene nsomba zipumira nazo, kotero kuti mazira a nsomba saswa ndi ana ace sakula.

Komatu utsi wa mafakitale usanaganize zodza kuno, ana a kuno anayamba ndiwo kupita kwa iwo. Dr. Robert Laws anasamutsira misyoni ku Bandawe m'caka ca 1881, ndipo Atonga anagwira sukulu ndi manja awiri. Podziwa kuwerenga ndi kulemba, ndi pokhala nao msonkho wa boma wakuwakankha kumbuyo, anabalalika kunka ku Harare, ku Joni, ku Katanga, nakhala makalaliki, akapitao ndi ogwira nchito pansi pa mgodi. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa cigwirizano cacikuru ca anchito ku Cape Town m'caka ca 1919, ndiye wochuka mwa iwo. Koma anzace osachuka anali zikwi. J. van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za 1952 kufikira 1955, anawerengera kuti amuna 60 kufikira 75 mwa 100 anali kunja kwa dziko pa nthawi iri yonse. Amai anatsala nalima cinangwa, nayembekeza makalata.

Pamene migodi ya mkuwa inatseguka ku Northern Rhodesia, ndiyo Zambia wa lero, njira yatsopano inaoneka. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1931, ng'anjo ya ku Nkana inayaka m'caka ca 1932, ndi ya ku Mufulira m'caka ca 1937. Makolo athu anazidziwa ng'anjo, pakuti Aphoka anasungunula citsulo m'mapiri a Nyika kale lomwe. Koma ng'anjo zao zinayaka masiku owerengeka ndi makala a mitengo, pamene izi zinayaka kosalekeza, zaka ndi zaka, ndi kulabvula sulfure yense m'mlengalenga. Anthu a ku migodi anaupatsa mpweyawo dzina lakuti senta. Ndipo taonani makhalidwe a midzi ija: nyumba za anchito akuda zinamangidwa pafupi ndi ng'anjo, kumene mphepo iponya utsi. Ku Kankoyo, mudzi wa anchito wa ku Mufulira, malata a nyumba adyeka ndi dzimbiri nabooka msanga, utoto ukanganuka pa makoma, ndipo m'nthaka simumera ndiwo zamasamba, koma mitengo yowerengeka yolimba mtima. Machona athu amene anabwera kwao ndi masuti, njinga ndi magalamafoni, ena a iwo anabweranso ndi cifuwa. Ndipo pfumbi la pansi pa mgodi ndi senta wa pamwamba pace zinagawana mlanduwo.

Zinatenga zaka zoposa 70 kuti ng'anjo ya ku Mufulira ikhale ndi makina okwanira ogwira sulfure asanaturuke ndi kumsandutsa asidi wogulitsa. Makinawo anatha kumangidwa m'caka ca 2014, mgodi uli m'manja mwa kampani ya Mopani, imene mwini wace wamkuru pa nthawiyo anali Glencore. Anacedwa miyezi yocepa kwa munthu mmodzi womveka. Usiku wa pa 31 December 2013 Mai Beatrice Mithi, bwanamkubwa wa boma la Mufulira, anali ku mapemphero a kutha kwa caka pamene senta anatsika pamudzi, anakomoka, namwalira. Bwalo lalikuru linapeza kampani yolakwa m'caka ca 2016, ndipo bwalo loposa onse la Zambia linatsimikiza ciweruzoco m'caka ca 2020, nilikweza cipepeso kufikira K1,000,000 ya ku Zambia. Mlanduwo unamveka cifukwa wakufayo anali mkuru wa boma. Za amai ndi makanda a ku Kankoyo amene anapuma mpweya womwewo kuyambira 1937 sizinamveke cotero.

Mlandu wa ku Mufulira unali wa m'dziko limodzi, wodandaula ndi wodandaulidwa pansi pa lamulo limodzi. Nanga utsi ukaoloka malire, mlandu ukambidwa pa bwalo la yani? Kwathu kuno munthu akayatsa moto m'munda mwace, moto nulumpha nutentha cinangwa ca mnzace, nyakwawa siifunsa ngati anayatsa pa malo ace. Ifunsa za cimene capsya. Maiko akuru anacedwa kufika pa nzeru imeneyi. Ku Trail, m'dziko la Canada, kunali ng'anjo yosungunula mtobvu ndi nthaka zina za citsulo, ndipo m'zaka za 1925 kufikira 1927 eni ace anamanga macumuni atali-atali kuti utsi usabvute mudzi wao. Utsi unamvera: unatsata cigwa ca mtsinje wa Columbia, nuoloka malire, nukaocha minda ndi nkhalango za alimi a ku Washington, m'dziko la Amereka. Maiko awiriwa anasankha oweruza atatu, ndipo pa 11 March 1941 oweruzawo anagamula kuti palibe dziko liri ndi ufulu wakugwiritsa nchito malo ace mwa njira yakuti utsi wace uononge za m'dziko la mnzace. Ciweruzo cimeneci ndico muzu wa malamulo ambiri a pambuyo pace.

Koma cumuni cacitali cinakhalabe mankhwala okondedwa. Cifunga ca utsi wa malasha citapha anthu zikwi ku London m'mwezi wa December 1952, Angerezi anaika lamulo la mpweya wabwino m'caka ca 1956, ndipo nyumba zao zopangira magetsi zinamangidwa ndi macumuni aatali. Midzi yao inayera. Patsidya pa nyanja yamcere, ku Norway ndi ku Sweden, asodzi anayamba kubwerera opanda kanthu ku nyanja zazing'ono zikwi zambiri, madzi ali mbee, okongola, koma opanda nsomba. Svante Odén, wa ku Sweden, anaonetsa m'zaka za 1967 ndi 1968 kuti asidiyo acokera ku Britain ndi ku maiko a pakati pa Ulaya. Eni utsi anakana, monga acita eni mbuzi zogwidwa m'munda. Nkhani inakambidwa pa msonkhano wa maiko ku Stockholm m'caka ca 1972. Pangano linalembedwa ku Geneva m'caka ca 1979. Ndipo ku Helsinki m'caka ca 1985 maiko analonjeza kucepetsa sulfure wao ndi magawo 30 mwa 100, ngakhale Britain anakana kulembapo dzina lace. Lero sulfure wa ku Ulaya watsika koposa magawo 80 mwa 100, ndipo nsomba zabwerera m'mitsinje ina, itathiridwa njereza zaka zambiri. Tionapo kuti bvutoli licizika. Tionaponso kuti kuciza kwace kunatenga mbadwo wathunthu.

Pa zaka zomwezo, pamene a ku Ulaya analikukangana za macumuni ao, cumuni cina cinali pafupi kuimirira pa mcenga wa ku Chintheche. Kuyambira 1964 boma linabzala mitengo ya paini pa mapiri a Viphya, ku Chikangawa, kufikira mahekitala 53,000, imene inakhala nkhalango yobzala ndi manja yoposa zambiri za mu Afrika. Colinga cace cinali cakuti mitengoyo itsike kunyanja, ikaphikidwe m'fakitale yaikuru ku Chintheche, isanduke phala lopangira mapepala lakugulitsa kunja. Malo ace anapatulidwa, ndipo ciyembekezo ca nchito cinali cacikuru, makamaka popeza ulendo wa ku Joni unatsekedwa m'caka ca 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha anchito a ku Malawi oposa 70. Fakitaleyo siinamangidwa. Ndalama zofunika zinakula, mtengo wa phalalo pa misika ya dziko lapansi unabvuta, njira ya kunyanja yamcere inadutsa m'dziko la Mozambique limene linali pa nkhondo, ndipo anzeru anacenjeza za zonyansa zimene zikadatayidwa m'nyanja. Fakitale za mtundu uwu ziphika mitengo ndi mankhwala a sulfure, ndipo pfungo lace, longa la mazira obvunda, limveka kutali. Sitinena mopepuka za nchito zimene anyamata a Nkhata Bay anazisowa. Umphawi nao uli ndi pfungo lace. Koma iye amene anamva mbiri ya Kankoyo adzayang'ana mcenga woyera wa ku Chintheche ndi mtsinje wa Luweya, umene mpasa zikwera kukaswana, nadzaganiza kawiri asanadandaule. Cacisoni ndi cakuti mitengo yambiri ya ku Chikangawa, imene siinaphikidwe m'fakitale, inadzatha ndi macheka ndi moto wolusa, ndipo utsi wace tinaupuma ndithu.

Tsono tifunse za ife eni: kodi utsi wa maiko ena ufika kuno? Ng'anjo za ku Copperbelt ziri pa mtunda woposa makilomita 600 kumadzulo kwathu, ndipo m'dzinja mpweya wonyowa wocokera ku Congo, umene utipatsa gawo la mvula yathu, udzera mbali imeneyo. Kumwera, pa mtunda woposa makilomita 1,500, kuli dera la Mpumalanga ku South Africa, kumene kuli nyumba zamagetsi za Eskom zotentha malasha zoposa 10, ndi fakitale ya Sasol ku Secunda yosandutsa malasha petulo. Ndipo pa 18 March 2022 bwalo lalikuru la ku Pretoria linagamula kuti mpweya wa kumeneko uphwanya ufulu wa anthu okhalamo. Anzeru a maiko ambiri anayesa mlengalenga wa Afrika wa kumwera ndi ndege ndi makina a m'mwamba m'zaka za 1992 ndi 2000, pa nchito yochedwa SAFARI. Anapeza kuti m'cilimwe mpweya wa cigawo cino uzungulira ngati madzi a m'dziwe, masiku ambiri, nusanganiza utsi wa mafakitale, pfumbi ndi utsi wa moto wa m'thengo wa maiko onse, kufikira upeza poturukira nuthira ku nyanja ya India ngati mtsinje wa utsi wooneka kucokera kumwamba. Malawi ali m'kati mwa dziwe limeneli.

Apa tiyenera kunena mosamala, kuti tingaopsye owerenga ndi cirombo ca eni. Nyanja za ku Norway zinafa cifukwa zinali zazing'ono, zokhala pa miyala yolimba, ndi madzi opanda mcere wakulimbana ndi asidi. Nyanja yathu siiri yotero. Madzi ace a pamwamba ali pa pH yoposa 8, ali ndi micere yakuzima asidi monga cidulo cizima kuwawasa kwa ndiwo, ndipo kuya kwace, cakuno kumpoto, kufika mamita 700. Imfa ya nsomba ya ku Norway si ndiyo itiopsya ife. Cofooka kwathu ndi nthaka. Boma la Nkhata Bay lilandira mvula yocuruka koposa madera ambiri a Malawi, ndipo dothi lace lofiira ndi lotsukika kale, lowawasa mwa cibadwidwe cace. Ndico cifukwa tiyi akondwa ku Kawalazi ndi ku Chombe, ndi cinangwa cipirira pamene cimanga cilephera. Dothi lotere liribe mphamvu yambiri yotsala yakulandira asidi wina.

Ndipo nyanja iri nalo bvuto lace la mtundu wina, limene linaululika m'zaka za m'ma 1990, pamene Harvey Bootsma, Robert Hecky ndi anzao anachera mvula ndi pfumbi logwa m'mbali mwa nyanja, makamaka pa nchito ya SADC imene inakhazikika ku Senga Bay. Malawi alibe mafakitale akuru. Magetsi ace ambiri acokera ku mathithi a Shire, ndipo malasha a ku Mchenga ndi ocepa. Koma anzeruwo anapeza kuti kumwamba kugwetsera m'nyanja naitrojeni ndi fosforasi wocuruka modabwitsa, ndizo zakudya zija alimi agula m'matumba a feteleza. Gwero lace lalikuru si ng'anjo za kutali iai, koma moto wa m'thengo ndi m'minda, pamodzi ndi pfumbi la nthaka yobvulidwa. Cinthuci cikula cifukwa mvula yogwera pa nyanja peni-peni iposa madzi a mitsinje yonse yothiramo, kotero kuti ca m'mlengalenga cilowa m'madzi cosasefedwa ndi nthaka kapena bango.

Wina adzati, Feteleza waulere ali ndi coipa canji? M'munda alibe, m'nyanja ali naco. Kuyera kwa madzi athu, kumene msodzi aona mwala pansi pa bwato lace, kucokera ku kusowa kwa zakudya zimenezi. Zikacuruka, ndere zazing'ono zoyandama zicuruka nazo, ndipo pakati pao pabuka mitundu yobiriwira imene tizilombo todyedwa ndi usipa ndi utaka sitiikonda, ndi ina yokhala ndi ululu. Madzi akada, dzuwa silifika pa miyala pamene mbuna zidya, ndipo nsomba zimenezi, zimene zisankha amuna ao poona maanga, zisokonezeka. Ndere zakufa zimira niziola, nizitha mpweya wa m'madzi; ndipo tidziwe kuti pansi pa mamita 250 nyanja yathu iribe kale mpweya wakupuma nsomba. Izi zinacitika ku nyanja ya Victoria m'zaka za pakati pa 1960 ndi 1990. Akuru anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Cotero pa mlandu wa utsi sitikhala ku mbali ya odandaula okha. Mwera ndi bvuma ziomba kucokera ku Niassa ndi ku Tanzania, nizititengera utsi wa moto wa kumeneko, kufikira mapiri a kutsidya, amene aoneka bwino m'mwezi wa May, azimirira m'cifunga pofika October. Mphepo yomweyo siima pa Kande; ikwera Viphya ndi utsi wa minda yathu, wa mauvuni a makala ndi a njerwa, wa osaka nyama ndi mbewa, nikautula ku Lundazi ndi ku cigwa ca Luangwa, kumene usangana ndi utsi wa citemene ca ku Zambia. Mabanja oposa 9 mwa 10 m'dziko lino aphika ndi nkhuni kapena makala, ndipo tisaiwale kuti utsi umene udwalitsa amai ndi ana athu koposa wina uli wonse ndi wa m'khichini mwao. Mlandu wa ku Trail unali ndi cumuni cimodzi ndi mwini mmodzi wakumuitana pabwalo. Wathu uli ndi moto zikwi zikwi, ndipo woyatsa ali yense ali naco cifukwa cace comveka: alibe ndalama za feteleza, alibe magetsi, afuna msipu wanthete wa ng'ombe zace.

Maboma a cigawo cino anayesa kutsata mapazi a Geneva. Anakomana ku Harare m'caka ca 1998 nabvomerezana kuti utsi wooloka malire ndi nkhani ya onse. Anakomananso ku Lusaka m'caka ca 2008, nalemba mfundo za maiko a SADC, zochula mafakitale, magalimoto, mafuta a sulfure wocepa ndi kutentha thengo. Mau ace ndi abwino. Koma nduna ingathe kulamula fakitale kuti iike makina pa cumuni cace. Moto wa m'mudzi uletsedwa ndi anthu ena, ndiwo mafumu, nyakwawa, akuru a mpingo, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi, amene adziwa dzina la woyatsa ndi la amace. Kutentha msanga, udzu ukali wauwisi m'miyezi ya May ndi June, kuturutsa moto wofatsa wosapha mitengo. Kukwirira mapesi m'mizere kusunga m'munda cakudya cimene moto ukadaciponya m'nyanja. Izi si nzeru za ku Ulaya; alimi ena a kuno azicita kale.

Cakutifulumiza ndi cibadwidwe ca nyanjayo. Iri ndi khomo limodzi lokha, ndilo Shire ku Mangochi, ndipo pa madzi onse amene nyanja itaya m'caka, Shire atenga gawo losafika limodzi mwa magawo 5. Otsalawo akwera kumwamba ndi dzuwa, nasiya m'mbuyo zonse zimene anadza nazo. Anzeru awerengera kuti Shire pa yekha akadafuna zaka mazana angapo kuti aturutse madzi onse ali m'nyanjamo tsopano. Nyanja zazing'ono za ku Norway zinasintha madzi ao m'zaka zowerengeka, ndipo anthu anazithira njereza ndi mabwato ndi ndege. Yathu, ya makilomita 560 m'litali mwace, palibe angaithire mankhwala. Phulusa la moto wa caka cino, limene ligwa usiku pa mabwato a cilimira ku Usisya, likatsika m'madzi akuya aja opanda mpweya likhala m'menemo, ndipo mwera wa zaka za m'tsogolo ndiye adzalibvundula pang'ono pang'ono kulibwezera pamwamba.